Kaundula wa machona ndi mkangano wa makompyuta ku Bindura

 Ndikulemba kuchokera ku Bindura, tauni ya migodi imene ili m'chigwa cha Mazowe, makilomita pafupifupi 90 kumpoto chakum'mawa kwa Harare. Ndi likulu la chigawo cha Mashonaland Central, ndipo moyo wake udatsamira pa miyala iwiri: nikelo wa ku Trojan, amene adayamba kukumbidwa mochuluka m'zaka za m'ma 1960, ndi golide wa ku Freda Rebecca. Mukayenda m'misewu ya Chipadze kapena Chiwaridzo mudzamva Chishona, koma mukafunsa mayina mudzapeza a Banda, a Phiri, a Mwale ndi a Mbewe ambirimbiri. Ndife zidzukulu za anthu amene kwanuko mumawatcha machona, aja adabwera ku Halale pa Mthandizi kapena wapansi, nakhazikika m'makomboni a migodi ndi m'mafamu.

Nkhani imene ndabwera nayo ndi ya makompyuta. Ndikupempha akuluakulu amene zoterezi zimawawodzeretsa kuti apirire pang'ono, pakuti mkati mwake muli mayina a abale anu.

Tili kagulu ka anthu asanu kamene kamakumana Loweruka masana kuseri kwa kashopu kokonzerako mafoni. M'kagulumo muli mwini kashopuko, mayi wina wophunzitsa masamu ku sekondale, bambo amene adagwira ntchito ya zamagetsi mumgodi zaka zambiri, mnyamata wophunzira pa Bindura University of Science Education, sukulu imene idatsegulidwa mu 1996 nikhala yunivesite payokha mu 2000, ndi ine, amene ndimalembera anthu makalata ndi kuwasindikizira mapepala. Pakati pathu palibe adagulapo kompyuta yatsopano. Makina athu onse ndi a kaunjika, ochokera m'maofesi a ku Joni kapena ku Ulaya, ndipo amatipeza atatopa kale. N'chifukwa chake funso lakuti pakati pa Windows ndi Linux imathamanga kwambiri ndi iti limatikhudza m'thumba. Kompyuta ikamachedwa, kasitomala amatopa kudikira napita kwina.

Mnyamata wa ku yunivesite uja ndi wa Linux ndi mtima wake wonse. Amatikumbutsa kuti Linus Torvalds adaiyamba ali wophunzira ku Helsinki mu 1991, naipereka kuti aliyense aigwiritse ntchito ndi kuisintha mosalipira. Saiwalanso kunena kuti Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa adatulutsa mu 2004, idatenga dzina lake ku liwu lomwe lija ife timati umunthu, anansi athu Achishona nati hunhu. Mfundo yake yaikulu ndi ya RAM, ndipo amaifotokoza motere: diski ndi nkhokwe, RAM ndi lichero. Chimene kompyuta ikugwirirapo ntchito nthawi imeneyo chimakhala m'lichero. Lichero likadzaza, makina amayamba kubweza zina ku nkhokwe ndi kukazitenganso, ndipo maulendo amenewa ndiwo kuchedwa kumene timadandaula. Iye amati Linux yopepuka imasiya malo ambiri m'lichero kuti mwini makina aikemo zake.

Mwini kashopu amangopukusa mutu. Mapulogalamu ambiri okonzera mafoni adapangidwira Windows, makina ena osindikizira amamvana bwino ndi Windows, ndipo kasitomala akabwera ndi kalata yake pa fulashi amafuna ituluke monga adailembera. Mayi mphunzitsi amavomerezana naye pang'ono, chifukwa mapepala a mayeso olembedwa mu Word nthawi zina amasokonekera mizere akatsegulidwa mu LibreOffice. Bambo wa zamagetsi amatiseka tonse. Iwo amati mdani wa kompyuta ku Bindura ndi fumbi, kutentha ndi magetsi. Fumbi likatseka mphepo ya fani, purosesa imatentha nidzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, ndipo m'mwezi wa Okutobala, chigwa chikamawotcha, makina otere amakwawa ngati nkhono, kaya muli Windows kaya muli Linux.

Tsiku lina tidagwirizana kuyesa m'malo mongolongolola. Tidatenga laputopu imodzi ya RAM ya 4 GB ndi diski yakale yozungulira, tidaipukuta fumbi, ndipo tidaikamo Windows 10 mbali ina, Linux Mint yopepuka mbali ina. Linux idayaka msanga ndipo idadya RAM yochepa makina ali chikhalire. Koma titatsegula masamba ambiri a pa intaneti, zonse ziwiri zidayamba kupuma mwabefu, pakuti masamba a masiku ano ndi olemera mofanana kulikonse. Kenaka tidachotsa diski ija ndi kuikamo SSD, imene ilibe kanthu kozungulira, ndipo kusiyana kuja kudachepa kwambiri. Aliyense adapita kwawo akunena kuti wapambana. Chimene chidatsalira mnyamata uja ndi mfundo imodzi yovuta kuitsutsa: Microsoft idathetsa thandizo lake wamba la Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, pamene Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, zimene makina ambiri a kaunjika alibe.

Mkanganowu ukadakhala wongocheza chabe chikhala kuti amalume sadabwere ndi vuto lawo. Amalume anga, amene ana a kuno amawatcha sekuru, adabadwira m'komboni. Bambo awo adachokera ku Dedza. Iwo adagwira ukalaliki pa mgodi wina mpaka kupuma, ndipo kwa zaka zambiri akhala mlembi wa bungwe lathu la maliro. Mabungwe otere adayambitsidwa ndi makolo athu chifukwa munthu womwalira kutali ndi kwawo alibe mbumba yomuika. Anthu ankasonkha ndalama mwezi ndi mwezi kuti pa tsiku la tsoka pakhale bokosi, ufa wa pasiwa ndi uthenga wopita kumudzi. Alembi akale ankalemba zonse m'makope. Makope ena adadyedwa ndi chiswe, ena adanyowa ndi mvula. Choncho kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 amalume adayamba kukopera zotsalazo mu kompyuta, mu pulogalamu ya Microsoft Access pa Windows XP, mnzawo wina wa mu ofesi atawakonzera mafomu olembamo. Pa munthu aliyense pali dzina, mfunda, mudzi, mfumu yaikulu, boma, chaka chimene adafika, tsiku limene adamwalira ndi malo a manda ake.

Kuti mumvetse kulemera kwa kaundulayu, kumbukirani zimene zidatigwera. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu ambiri obadwira konkuno kwa makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique adapezeka kuti akuwerengedwa ngati alendo, ndipo zitupa zawo zidali ndi chizindikiro chosonyeza zimenezo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 adabweza unzika kwa obadwira muno amene kholo lawo lidachokera ku dziko la m'bungwe la SADC, ndipo adaika Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka. Komabe mpaka lero alipo achinyamata amene sadziwa mudzi wa agogo awo. Amangodziwa kuti anthu amawatcha Mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, chonsecho agogowo adali a ku Ntcheu kapena Angonia. Kaundula wa amalume si chikalata cha boma, koma amauza munthu poyambira kufunsa. Nthawi zinanso kumabwera uthenga wochokera ku Malawi, wa mdzukulu wofuna kudziwa kumene agogo ake adagona, ndipo yankho limapezeka m'menemo.

Tsono kompyuta yosunga zonsezi idayamba kudwala. Diski inkalira ngati munthu akugogoda pa chitseko, tsiku ndi chaka zinkabwerera m'mbuyo nthawi iliyonse ikazimitsidwa chifukwa kabatire kakang'ono ka mkati kadatha, ndipo nthawi zina inkangouma osayankha. Windows XP yokhayo idasiya kulandira thandizo pa 8 Epulo 2014. Amalume adaikulunga m'chitenje, ine ndidaisenza, ndipo tidapita nayo kuseri kwa kashopu kuja.

Mkangano udabuka pomwepo. Mnyamata adati tikopere mayinawo mu pulogalamu ina ya Linux, zakalezo titaye. Mwini kashopu adati tipeze makina ena a Windows ndi Access yatsopano, ngakhale adavomera kuti imafuna ndalama ndipo mafomu akale aja mwina sakatseguka bwino. Amalume adamvetsera mpaka onse adatopa, kenaka adati: "Ana anga, maso angawa achita khungu, koma zala zangazi zidazolowera khomo limodzi. Mukandisinthira khomo, ndidzagona panja." Ankafuna sikirini yomweyo, mabatani omwewo, pamalo omwewo.

Amene adatibweza pa njira ndi mayi mphunzitsi. Adati diski imene ikugogoda siidikira kuti amuna amalize kutsutsana, ndipo pakadafunda padajiwitsa galu. Bambo wa zamagetsi adaichotsa diskiyo nailumikiza ku laputopu ndi chingwe cha USB. Mnyamata adagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa ddrescue, imene imayamba kukopera zigawo zabwino za diski mofulumira, kenaka nibwerera kukanyengerera zigawo zowonongeka. Ntchitoyi idatenga usiku wonse. M'mawa mwake tidali ndi chithunzithunzi cha diski yonse mu fayilo imodzi, ndipo tidaikopera pa malo atatu tisadakhudze china chilichonse.

Apa ndi pamene mnyamata adatulutsa nzeru imene idakhutiritsa mbali zonse, ya virtual machine. Tanthauzo lake ndi ili: pulogalamu ina imanamizira kukhala kompyuta yathunthu, yokhala ndi purosesa, RAM ndi diski yakeyake, mkati mwa kompyuta yeniyeni. Windows XP ikaikidwa m'menemo imaganiza kuti ili m'makina ake, chonsecho ikukhala pa windo limodzi la Linux. Nzeruyi si yatsopano. Kampani ya IBM idaiyamba pa makina ake akuluakulu m'zaka za m'ma 1960, niigulitsa pa dzina la VM/370 mu 1972. Ife tidagwiritsa ntchito VirtualBox, imene imapezeka mosalipira. Idayambidwa ndi kampani ya ku Germany yotchedwa Innotek, ndipo kuyambira mu 2010 ili m'manja mwa Oracle. Akatswiri amatcha makina enieniwo mwininyumba, ongoyerekezawo amawatcha mlendo. Amalume atamva zimenezi adaseka mpaka kutsokomola. Adati bambo awo ankauzidwa kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma pano pali mbadwo wachinayi ndipo mamewo akadalipo. "Musiyeni mlendoyo akhale," adatero, "bola mumupatse pogona."

Pogonapo padavuta. Poyamba VirtualBox idakana kuyatsa mlendo, mpaka tidalowa mu BIOS ndi kutsegula VT-x, mphamvu imene mapurosesa a Intel ali nayo yothandizira ntchito yotere, koma imene m'malaputopu ambiri imabwera yotseka. Kenaka Windows XP idayamba kuyaka nigwa pa sikirini yabuluu yokhala ndi nambala 0x0000007B. Mwini kashopu, amene wakhala akuona nambala imeneyi zaka zambiri, adaizindikira msanga: XP idali kufunafuna diski yake kudzera pa njira yakale ya IDE, pamene makina ongoyerekezawo adali kuipatsa njira ya SATA imene siinkaidziwa. Atasintha pamenepo, sikirini imene amalume adaizolowera idatulukira. Apa munthu wa Linux adapulumutsidwa ndi munthu wa Windows, ndipo mpaka lero amakumbutsidwa.

Padatsala kugawa chakudya pakati pa mwininyumba ndi mlendo. RAM imene mwapatsa mlendo imachoka m'lichero la mwininyumba, ndipo mukapereka yambiri onse awiri amavutika. Mnyamata adafuna kupereka theka, koma mayi mphunzitsi adawerengera kuti XP, imene idatuluka mu 2001 makompyuta akadali ang'onoang'ono, imakhuta ndi 512 MB. Tidatseka njira yonse ya intaneti kwa mlendoyo, chifukwa pulogalamu imene idasiya kulandira zigamba zachitetezo ili ngati nyumba yopanda chitseko m'mbali mwa msewu. Tidasiya kafoda kamodzi kogawana, kopitira mafayilo. Tidajambulanso mkhalidwe wa makinawo pa tsikulo, kuti china chikadzasokonekera tidzangobwerera pamenepo.

Za magetsi, inu a ku Zambia mukuzidziwa, pakuti nyanja ya Kariba timamwera limodzi. Mu 2019 madzi atachepa tinkakhala mumdima mpaka maola 18 pa tsiku, ndipo mu Novembala 2022 bungwe la Zambezi River Authority lidalamula kuti mbali ya kumwera ya Kariba iyambe yaima kupanga magetsi. Kompyuta ya patebulo imazima nthawi yomweyo magetsi akathima, ndipo kuzima kotere ndi kumene kumawononga mafayilo ndi madiski. Laputopu ili ndi batire, motero amalume amapeza mpata wosunga ntchito yawo ndi kutseka bwinobwino. Chodabwitsa n'chakuti XP ija, ili mlendo pa SSD, imathamanga kuposa mmene inkachitira m'nyumba yakeyake. Wa Windows adati uwu ndi umboni wakuti XP idali yabwino kuyambira kale. Wa Linux adati ulemu upite kwa mwininyumba. Bambo wa zamagetsi adangoloza SSD.

Mayi mphunzitsi sadakhutire. Adati mlendoyu wapeza msasa, koma mayina a anthu sayenera kudalira pulogalamu imodzi imene zidzukulu zathu sizidzatha kuitsegula. Choncho tidatulutsa kaundula yense mu fayilo ya CSV, imene ndi malemba wamba olekanitsidwa ndi makoma, otseguka pa kompyuta iliyonse ngakhale pa foni. Apa ndi pamene chilankhulo chathu chidaonetsa zovuta zake, ndipo ndikhulupirira mbali imeneyi ikuthandizani inunso.

Amalume adaphunzira kalembedwe kakale, ndipo amalemba Malaŵi ndi w wa kadenga. Mndandanda wakale wa zilembo umene Windows inkagwiritsa ntchito pa zinenero za kumadzulo kwa Ulaya ulibe chilembo chimenechi, motero fayilo ikasungidwa m'njira imeneyo kadenga kamagwa kapena pamabwera chizindikiro cha funso. Mankhwala ake ndi kusankha UTF-8 posunga, imene imanyamula zilembo zonse za Unicode. Wofuna kulemba ŵ mu Word alembe 0175 kenaka akanikize Alt ndi X pamodzi. Pa Linux, amene adatsegula batani la Compose alikanikize, kenaka kadenga, kenaka w. Vuto lachiwiri lidali la ng'. Fomu yofufuzira mayina inkakana dzina lililonse lokhala ndi kachizindikiro ka m'mwamba aka, monga Ng'oma, chifukwa m'chinenero chofunsira kaundula kachizindikiro komweko kamatanthauza kuti mawu athera pamenepo. Kwa zaka zambiri amalume ankapeza mayina otere pongoyenda mzere ndi mzere. Mnyamata adakonza fomuyo m'mphindi zochepa.

Vuto lachitatu silidali la makina. Kalembedwe ka Chishona kalibe l, ndipo akalaliki a m'migodi ankalemba monga amvera. Phiri adasanduka Piri, l wa m'mayina ndi m'midzi adasanduka r, ndipo munthu mmodzi amapezeka ndi mayina awiri kapena atatu. Mnyamata adafuna kuwongola onse kuti afanane. Amalume adakana. Adati dzina lopotokalo ndi limene lili pa chitupa ndi pa mtanda wa kumanda, ndipo mdzukulu wobadwira kuno adzafufuza limenelo, pamene wa ku Dedza adzafufuza lenilenilo. Tidawonjezera danga lachiwiri: dzina monga lidalembedwera, ndi dzina monga limatchulidwira kumudzi. Pomaliza ndidasindikiza kaundula yense pa mapepala, mabuku awiri. Lina lili kwa amalume, lina kwa msungichuma wa bungwe.

Maganizo anga pa mkangano wa Windows ndi Linux ndi awa. Funso lakuti imathamanga ndi iti limakhala losakwanira ngati sitinena makina ake, ntchito yake ndi munthu wake. Pa laputopu yotopa imene ntchito yake ndi kulemba ndi kuwerenga, Linux yopepuka imaitalikitsa moyo. Pa tebulo la wokonza mafoni, Windows ndi khasu lake. Pamene pali pulogalamu yakale imene munthu sangaisiye, virtual machine imasunga zonse ziwiri pa makina amodzi, malinga RAM ikwane. Ndipo musadasinthe pulogalamu iliyonse, pukutani fumbi, yesani SSD, ndi kukopera zinthu zanu pa malo ena. Mutu umodzi susenza denga: kaundula uja akadatayika tikadatsata nzeru ya munthu mmodzi yekha mwa asanufe.

Ntchito siidathe. M'kaundulamo muli mizere yambiri imene danga la mudzi lili lopanda kanthu, chifukwa tsamba lake lidadyedwa kapena mwini wake adamwalira asadafunsidwe. Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi amalume amawerengera amayi achikulire mayina amenewa, ndipo nthawi zina wina amakumbukira kuti uje ankatchula Mayani, uje ankatchula Ulongwe. Amayi amenewa akutha, ndipo amalume nawo akukula. Mnyamata wa ku yunivesite, amene Chichewa chake n'chosakaniza ndi Chishona, wayamba kukhala nawo pambali kuti adzalandire ulembi.

Pempho langa lili pawiri. Inu a ku Shamva, Mhangura, Kadoma, Hwange ndi Mbare, ngati bungwe lanu la maliro lili ndi makope kapena kompyuta yakale yosunga mayina, jambulani tsamba lililonse ndi foni ndipo koperani diskiyo isadayambe kugogoda. Inu a kumudzi, funsani agogo anu mayina a amene adapita ku Halale osabwerako, pamodzi ndi mfunda, mudzi ndi mfumu yawo, ndipo muwalembe. Tsiku limene mayina anuwo adzaikidwe pambali pa athuwa, mizere ina yopanda kanthu idzadzaza.